Nkhungudzu za mng'ono wanga

Mng'ono wanga anabwerera kwathu kwa Nsamala atakhala zaka khumi ku chitengwa ku Nsanama, kutsidya kwa Shire. Mwamuna wake anali atatenga mkazi wachiwiri, iye n'kukana mitala. Anatsika kabaza pamsewu ali ndi ana awiri, thumba la zovala ndi ndowa imodzi. Ine ndinamulandira ndi manja awiri, koma ndikanena zoona, chisoni chimene ndinamumvera tsiku limenelo chinkandikomera mumtima. Kuyambira tili ana iye ndiye anali wokongola, iye ndiye ankakhoza kusukulu, iye ndiye alendo ankayamba kumufunsa dzina. Tsopano anali ataima pakhomo panga, akudikira kuti ndimuuze pogona.

Nthawi imeneyo ife tinali ndi ng'ombe zisanu ndi zinayi. Amuna anga anazigula imodziimodzi atasiya ntchito ya njanji ku Liwonde, ndipo ankapita nazo okha kubusa. Kwathu kuno ng'ombe si za aliyense, ambiri amathera pa mbuzi. Ndiye munthu akamalondolera mlendo ankati, "Mukafika pamjigo mukafunse kwa mayi a ng'ombe." Dzina limeneli ndinkalikonda kuposa langa lenileni.

Mayi athu anali atamwalira kale, choncho munda wa banja ndinkagawa ndine monga wamkulu. Ndinamupatsa chigawo cha kumunsi, cha mchenga, chotsetserekera kukhwawa. Panalibe amene ankachifuna. Iye anathokoza, m'mawa mwake n'kuyamba kusosa.

Ndifotokoze mmene ng'ombe zathu zinkakhalira, chifukwa ine sindinkaonapo cholakwika. M'dzinja zinkanenepa ndithu. Koma ikangofika Seputembala, udzu wa kudambo utauma gwa, zinkayamba zachilendo. Zinkanyambita chulu mpaka kuchikumba mphako. Zinkatola mafupa akale kudzala n'kumawakukuta ngati agalu. Majumbo otayidwa m'njira sizinkawasiya, ndipo yofiira ina inandidyera theka la chitenje chimene ndinayanika pampanda. Ubweya unkaimirira, nthiti zonse poyera, poyenda zikunyang'ama ngati zaponda minga. Yaikazi inkatha zaka zitatu osatenga bere. Ife tinkangoti ndi mmene ng'ombe zimakhalira m'chilimwe, mvula ikagwa zibwerera mwakale.

Chaka chachiwiri chibwerereni, mng'ono wanga analowa gulu la amayi opatsirana ng'ombe. Wina ankalandira msoti, ukabereka mwana wamkazi n'kupatsira mnzake. Lamulo lawo linali loti usanalandire uyambe wamanga khola la denga ndi kudzala chakudya cha ng'ombeyo. Tsiku lina mvula itayamba ndinamupeza akukumba timayenje m'malire monse mwa munda wake.

"Kodi ukudzala chiyani m'mphepete monsemu?" ndinamufunsa.

"Lukina, achemwali. Ndi timitengo ta masamba ang'onoang'ono, ukadula timaphukiranso. M'chimangamu ndaika nkhungudzu, cha kukhwawako kalongonda."

"Nanga nkhungudzu zonsezi udya ndi ndani?"

"Si zanga. N'za ng'ombe."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa mzera. "Anzako amalimira ana, iwe ukulimira ng'ombe imene ulibe n'komwe? Ife tili ndi zisanu ndi zinayi, unationapo tikuzilimira?"

Anangomwetulira n'kupitiriza kukumba.

Ng'ombe yakeyo inabwera mwezi wa Meyi. Anaiyendetsa wapansi kuchokera kutsidya, kudzera pamlatho wa Liwonde. Inali yotuwa ngati phulusa, yaing'ono, mutu waukulu kuposa thupi. Ndinauza amuna anga kuti tonde wathu angaigwetse. Mng'ono wanga anapempha alamu ake kuti izipita kubusa limodzi ndi zathu, iwo n'kuvomera. Masana inkadya udzu womwewo wa kudambo. Kusiyana kunali kwa madzulo. Zikamabwerera, zathu zinkalowa m'khola lopanda kanthu n'kugona, pamene iyo inkapatuka yokha pa mtengo wa bwemba n'kuthamangira kwawo. Kumeneko inkapeza mtolo wa lukina, nkhungudzu zouma zosakaniza ndi mapesi oduladula, gaga pang'ono, ndiponso mwala wa mchere wonyambita umene anaupachika pa nsanamira.

Nthawi yokolola, mng'ono wanga ankayenda m'minda ya anthu kupempha masamba a mtedza ndi makoko a nandolo zimene enafe tinkatentha. Ankaziyanika pamthunzi kuti zisataye kubiriwira, kenako n'kuzisanja pathandala la denga kuseri kwa nyumba yake. Anabwera ndi kwa ine. Ndinamuuza kuti, "Tenga zinyalalazo, undichepetsere ntchito." Anasenza maulendo asanu.

Chilimwe choyamba sindinalabadire. Koma chachiwiri, ngakhale wakhungu akanazindikira pokhudza. Mu Okutobala, zathu zikuyenda modzikoka, yotuwa ija inali yosalala, linunda litaima, ubweya ukunyezimira ngati yadzola mafuta. Pachulu inkangodutsa osayang'anako. Ndipo mu Novembala, nthawi imene ng'ombe zathu zimagwa zokha ndi njala, iyo inabereka thole lalikazi, lamphamvu, loima tsiku lomwelo. M'khola mwathu chaka chimenecho simunabadwe kanthu.

Chimene chinandipweteka poyamba sichinali ng'ombeyo ayi, koma pakamwa pa amuna anga. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Ine ndawaphikira zaka makumi atatu osamvapo kuti ndiwo zakoma. Koma madzulo aliwonse akabwerako kubusa ankatsamira pakhola la mlamu wawo, chipewa m'manja, n'kumayang'ana thole lija likuyamwa. Pobwera kunyumba nkhani inali yomweyo.

"Mayi, ng'ombe ya alamu ija mwaiona bere lake la mkaka? Akama chigubu chodzaza, thole n'kukhutanso."

"Ndaona."

"Mayi amene uja ali ndi mutu. Akanakhala mwamuna…"

"Akanakhala mwamuna bwenzi atatani? Ng'ombe imodzi yomweyo mpaka tisagone?"

Mawa lake anakatsamiranso pakhola lomwelo.

Kenako mkaka unayamba kuyenda chobwerera. Kale ndine ndinkatumiza kapu ya mkaka kwa ana ake m'dzinja, ndipo ndinkaonetsetsa kuti ndatumiza anthu akuona. Tsopano m'mawa uliwonse iye ankabwera ndi botolo n'kuliika pakhonde panga. "Achemwali, muthire mu tiyi wa alamu." Ankanena mwaulemu, atagwada pang'ono monga mwa masiku onse. Ine tiyi ameneyo ankandiwawa kukhosi. Tsiku lina ndinapatsa galu mkaka wonse, n'kuuza amuna anga kuti unasasa.

Chinanditsiriza ndi ulendo wa alangizi a ziweto. Anabwera pa njinga yamoto tsiku lina m'mawa, ali ndi amayi a gulu lija ndi alimi ena ochokera mpaka ku Machinga, kudzaona khola la mng'ono wanga. Njira yopita kwake imadutsa pakhomo panga. Mwatsoka, ng'ombe zathu zinali zisanatuluke, ndipo yofiira ija inali itaima pakhomo pa khola ikukukuta fupa la mbuzi, dovu lili chuchuchu. Alangiziwo anaima n'kukodola anthu onse.

"Bwerani muone, izi ndi zimene ndimakuuzani zija. Ng'ombe iyi sikuti yapenga iyayi. Ikufunafuna michere imene thupi lake likusowa. Mafupa, magazi, mkaka, ngakhale mwana wa m'mimba, zonsezi zimamangidwa ndi michere yochokera m'nthaka. Udzu ukauma umatsala ndi yochepa kwambiri, ndiye ng'ombe imakhuta koma thupi lili ndi njala. Zomera za mtundu wa nyemba zimasunga yambiri m'masamba mwake, ndipo lukina mizu yake imapita pansi, amakhala wobiriwira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Pazokha sizikwanira, n'chifukwa chake timati pakhalenso mwala wonyambita. Taonani nthiti izi. Tikafika kumunsiko muyerekeze nokha."

Anthu oposa makumi awiri anazungulira khola langa, ena akuloza, ena akujambula ndi mafoni. Mayi wina wovala mpango wautali ananong'oneza mnzake m'Chiyao, onse n'kuseka. Ine ndinali pakhonde ndi tsache m'manja. Alangiziwo atandiona anavula chisoti n'kundipatsa moni, nati, "Pepani mayi, tangoonerapo chitsanzo. Tiyeni limodzi kumunsiko, mukamve zambiri."

"Ng'ombe zimenezi zinalipo inu musanayambe ntchito," ndinatero. "Kaphunzitseni amene ali ndi imodzi."

Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndili m'katimo ndinkamva akuwomba m'manja kumunsi, kenako nthungululu. Pobwerera, bambo wina wochedwa anaima pamjigo kufunsa njira, ndipo ndinamva ndi makutu anga mtsikana akumuyankha kuti, "Mukufuna kwa mayi a ng'ombe? Pitirirani nyumba yamalatayo, mutsikire kumunsi."

Patapita masiku atatu ndinanena chinthu pamjigo chimene mpaka lero ndimachita nacho manyazi. Amayi ankayamikira mkaka wake, ine n'kunena ngati ndikungocheza kuti, "Masamba okha anganenepetse ng'ombe chonchija? Munthu wakhala zaka khumi ku Nsanama, tidziwa bwanji zimene anabwera nazo m'thumba lija? Inu simukudabwa kuti yake ikunenepa pamene zathu zikuuma, chonsecho zimadya dambo limodzi?" Sindinawonjezerepo. Sipanafunikenso kuwonjezera. Pofika Lamulungu, nkhani inali itafika kutchalitchi kuti ng'ombe yotuwa imayamwa mafuta a zinzake. Mabanja awiri anasiya kutenga mkaka kwake. Mwana wake wamkazi anabwerako kusukulu akulira. Ine ndinkamva zonsezi n'kumapukusa mutu pamodzi ndi ena, ngati nkhani yochokera kutali.

Sabata lomwelo, pochapa malaya a amuna anga, ndinapeza m'thumba kapepala kokulunga njere za lukina ndi nkhungudzu. Sindinafunse kumene anazitenga. Ndinazithira m'madzi a sopo n'kukhuthulira kudzala.

Mvula inayamba bwino chaka chimenecho. Pofika pakati pa Disembala, mng'ono wanga anali ndi kachigawo ka nkhungudzu zokhazokha cha m'mbali mwa njira ya kudambo, zanthete, zofika m'mawondo, zobiriwira mochita kuda. Anali atazitchinga ndi nthambi za minga. Zimenezo ndizo ankayembekezera kudzadula ndi kuyanika kuti zidzadyetse ng'ombe yake ndi thole chilimwe chotsatira.

Tsiku lina amuna anga anapita ku Liwonde ku maliro a mnzawo amene ankagwira naye ntchito ya njanji, ndiye ng'ombe ndinatulutsa ndine. Mvula inali itagwa mbandakucha, ndinazitulutsa mochedwa, zili ndi njala. Yotuwa ija inatsala kwawo chifukwa thole linali ndi chilonda pamwendo. Mng'ono wanga ndinamuona m'mawa akupita kuchigayo ndi thumba pamutu.

Titafika pa nkhungudzu paja, ng'ombe yathu yakuda, imene inali yaikulu ndi yabwino kuposa zonse, inaima n'kusuzumira pamwamba pa minga. Panali nthambi imodzi imene mphepo inali itaisuntha pang'ono. Ndikanangokweza ndodo, ikanapitirira. Ndinayang'ana kumtunda, ndinayang'ana kumunsi, sindinaone munthu. Ndinakola nthambi ija ndi ndodo n'kuikokera pambali.

Zinalowa zonse zisanu ndi zinayi. Ine ndinakaima pansi pa mtengo wa mthethe n'kumaonerera. Sindinganame kuti mtima unkandigunda ndi mantha. Ndinkamva kukoma. Phokoso la ng'ombe zikumwetula masamba onyowa linkandilowa ngati nyimbo. Ndinkati mumtima, alangizi aja anati zanga zikusowa michere, lero zidye michereyo. Ndinazisiya kwa nthawi yaitali, mpaka pamene panali nkhungudzu panasanduka matope ndi tizitsinde. Kenako ndinazitulutsa, n'kubwezera nthambi ija mwa theka kuti zioneke ngati zinathyola zokha, n'kupita nazo kudambo.

Dzuwa lisanafike paliwombo ndinaona kuti yakuda yasiya kudya. Inaima miyendo itatangadza, khosi litatambasuka, ikupuma ndi pakamwa. Mbali ya kumanzere kwa mimba inali itatupa kupitirira msana. Nditaimenya ndi chikhatho inalira ngati ng'oma. Nditacheuka ndinaona yofiira nayo ikudzimenya pamimba ndi mwendo. Sindinadziwe chochita. Zaka zonsezo ndinkatchedwa mayi a ng'ombe, koma chimene ndinachita ndi kukuwa basi.

Woyamba kufika anali mng'ono wanga. Anabwera akuthamanga, ufa uli m'tsitsi, m'manja muli botolo la mafuta ophikira. Sanandifunse kanthu.

"Achemwali, gwirani mphuno iyi. Kwezani mutu, koma osati kwambiri, ingatsamwe."

Anathira theka la mafuta m'kamwa mwa yofiira pang'onopang'ono, theka linalo mwa yakuda. Anathyola kamtengo n'kukamangirira chopingasa m'kamwa mwa yofiira ndi chingwe cha chitenje chake kuti izitafuna. Tinaikankhira pachulu kuti miyendo yakutsogolo ikhale pamwamba, iye akuisisita mwamphamvu pamimba. Patapita nthawi inageya kamodzi, kenako kawiri, mpweya wonunkha n'kuyamba kutuluka. Mimba inayamba kuphwa.

Yakuda inakana. Inali itadya kwambiri kuposa zonse. Inagwada, kenako n'kugwa cham'mbali, maso atatuzuka, lilime litada. Anthu anali atayamba kusonkhana. Bambo wina wachikulire anati, "Iyi yapita. Itanani ashehe adzaizinge isanafe, apo ayi nyama yake theka la mudzi uno silidya." Anathamangira kukaitana bambo wa pafupi ndi mzikiti amene amazinga mbuzi pamsika. Anafika ndi mpeni wake, n'kuitembenuzira mutu koyenera, n'kunena mawu ake, n'kuizinga ikupumabe.

Poitumbula anapeza mwana m'mimba, wamkulu ngati mphaka. Inali ndi bere loyamba patapita zaka zitatu, ndipo ife sitinkadziwa.

Amuna anga anafika chakumadzulo n'kupeza chikopa chitayanikidwa, anthu akugawana nyama pa masamba a nthochi. Anaima n'kumayang'ana chikopacho. Ng'ombe imeneyo ndi imene anayamba kugula atasiya ntchito. Kenako anandifunsa kuti zinatheka bwanji.

"Mpanda wa kumunsi uja unali wothyoka," ndinatero. "Ndinangopatuka pang'ono, pobwera ndapeza zalowa."

Mng'ono wanga anali pomwepo, akutsuka manja m'beseni. Sanadzutse mutu.

M'mawa mwake ndinamupeza m'munda muja akutola tizitsinde totsala. Ndinaima kunja kwa minga n'kunena kuti pepa, ng'ombe zilibe nzeru.

"Nkhungudzu zanthete zonyowa sapatsa ng'ombe yanjala," anatero osandiyang'ana. "Zimachita thovu m'mimba. Alangizi ananena tsiku lija, koma inu munali mutalowa m'nyumba."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji kuti zilowa?"

Apo ndiye anaweramuka. "Achemwali, chigayo chinalibe magetsi dzulo m'mawa. Ndinasiya thumba n'kubwerera. Ndinali pamtunda paja pa chinangwa. Ndinakuonani mukukoka nthambi."

Ndinafuna kukana, koma iye sanandipatse mpata.

"Ndinaima pomwepo kudikira kuti mwina muzitulutsa," anapitiriza. "Ndinkati ndikatsika tikangana pamaso pa anthu, ndiye ndinabwerera kuchigayo ndi mkwiyo wanga. Za kutupa mimba zinandibwerera mochedwa, magetsi atabwera, ndili kale pamzere. Ndikanatsika nthawi yomweyo, ng'ombe ya alamu ikanakhala moyo. Chimenecho n'changa, ndichisenza ndekha. Za pamjigo zija ndinamvanso kuti zinayambira kwa ndani. Koma ndikufunseni, ndinakulakwirani chiyani? Munda munandipatsa ndinu. Zinyalala za mtedza munandipatsa ndinu. Njere ndinapatsa alamu kuti mudzale. Munkafuna ndizingokhala wopempha mpaka liti?"

Yankho la funso limenelo ndinkalidziwa, ndipo silinali lonenedwa. Ndinkafunadi kuti akhale wopempha. Ndinatembenuka n'kubwerera kunyumba.

Mng'ono wanga sanauze munthu aliyense. Amuna anga sanawauze, koma ndikukhulupirira kuti anazindikira okha, chifukwa anapita kukaona mpanda uja ndipo ndi munthu wodziwa kusiyanitsa nthambi yothyoledwa ndi ng'ombe ndi yokokedwa ndi munthu. Sanandifunsenso. Anangopita kukatenga njere zina, ulendo uno masana anthu akuona, n'kudzala mizere itatu ya lukina kuseri kwa khola lathu. Anandiuza mawu amodzi okha: "Izi musazichape."

Mng'ono wanga anadzalanso nkhungudzu mu Januwale, koma zinachedwa, sizinachite bwino. Chilimwe chotsatira thandala lake linatha mu Seputembala. Ndinkamuona akulawirira ndi thumba kupita kumitengo ya msangu ya kufupi ndi mtsinje kukatola nyemba zake zogwa, ulendo wa maola awiri, kuti ng'ombe yake isaguge. Inaguga ndithu pang'ono. Thole lija analipereka kwa mnzake wa m'gulu lili lochepa thupi kusiyana ndi mmene likanakhalira. Botolo la mkaka linasiya kubwera pakhonde panga. Tinkapatsana moni ngati anthu ongodziwana kumsika.

Ine kupepesa ndi pakamwa kunandikanika. Chimene ndinatha ndi ichi: titakumba mtedza, ndinayanika masamba ake pamthunzi monga ankachitira iye, n'kumanga mitolo, theka n'kukasiya pathandala lake iye ali kumunda. Sanathokoze, koma sanabweze. Za pamjigo ndinayesa kuzikonza, ndinauza amayi aja kuti zinali zocheza chabe. Ena anamva, koma pali banja limodzi limene mpaka lero silimwa mkaka wa kwake, ndipo mayi wa banja limenelo amandiuza ine ndemwe nkhaniyo ngati yatsopano.

Chaka chotsatira ndinadzala nkhungudzu m'chimanga changa. Njere sindinapemphe kwa iye iyayi. Ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde n'kukagula pamsika, pamodzi ndi mwala wonyambita, chonsecho iye anali nazo zodzaza ndowa pamtunda woti munthu ungaponye mwala. Ng'ombe zisanu ndi zitatu sizikhuta ndi munda umene umakhutitsa imodzi, choncho tinagulitsa zitatu zokalamba n'kutsala ndi zisanu. Madzulo tinayamba kuziikira lukina wosakaniza ndi mapesi, ndi masamba ouma a mtedza. Sizinasinthe tsiku limodzi. Chilimwe choyamba zinangosiya kukumba chulu. Chachiwiri ubweya unagona, ndipo zitatu zinatenga bere chaka chimodzi, chinthu chimene sichinachitikepo m'khola mwathu. Yofiira ija, yodya zitenje, inabereka thole lalimuna limene linakula kukhala nkhunzi yaikulu, ya khosi ngati mtondo.

Wina angaganize kuti nsanje inathera pamenepo. Sinathe. Mng'ono wanga tsopano ali ndi ng'ombe zinayi, ndipo ndikamadutsa pakhola pake maso anga amawerenga okha nthiti, kuyerekeza ndi zanga. Zake zimakhalabe zosalala kuposa zanga, sindidziwa chimene amawonjezera. Alendo akabwera kudzaphunzira amapitabe kwa iye. Nthawi zina amawabweretsa kwa ine n'kuwauza kuti, "Awa ndi achemwali anga, anayamba mochedwa koma taonani." Mawu akuti mochedwa amenewo ndimagona nawo masiku awiri.

Mwezi wathawu anabwera m'mawa ndikusesa. Anakhala pa mpando wa pakhonde, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Tinakamba za mvula, za mwana wake amene akulemba mayeso, za bondo la alamu ake. Kenako anati, "Achemwali, msoti wanga wayamba kulira usiku ndi usana, ukufuna yamphongo. Nkhunzi ya gulu lathu anaigulitsa. Mungandibwereke nkhunzi yanu masiku awiri?"

Mtima wanga unadumpha ngati wa mwana. Ndinapitiriza kusesa kuti asaone nkhope yanga. Nthawi ya msoti ikafika siidikira munthu, zimenezo ndinkazidziwa bwino, ndipo amuna anga akanavomera asanamalize n'komwe kufunsa. Komabe ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndiyambe ndawafunsa alamu ako, ubwere madzulo."

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene amakudziwa kuyambira uli wamaliseche. "Chabwino, achemwali. Ndibwera madzulo."

Atangotsikira kumunsi ndinaponya tsache pansi. Ndinakatsegula khola, n'kumanga nkhunzi chingwe m'nyanga, n'kuyamba kuikoka ndekha kutsika nayo njira ya kukhwawa. Inkakana, ikufuna kutsatira zinzake kudambo, ndipo inandigwetsa kawiri m'matope tisanafike.